Nthungululu ya Mwamuna ku Sheffield

Ndinatuluka m'fulati mwanga ku Thamesmead, mu London, m'mawa wa Lamlungu lina la mwezi wa Epulo, nditavala suti ya kutchalitchi ndi nsapato zopyapyala zimene ndinagulira ukwati wa mwana wa mnzanga. Kunja kunkaoneka kuti dzuwa liwala, ndiye chijasi ndinachisiya pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinkapita ku Sheffield, mzinda wakutali kumpoto, kukaonera mwana wanga Tadala akusewera hoke ya pa ayezi, koma mwiniwakeyo sankadziwa kuti ndikubwera.

Masewera amenewa kwathu kulibe. Anthu amavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi n'kumatsetsereka pamadzi oundana, akulimbirana kachimbale kakuda ka mphira ndi ndodo zokhota. Tadala anali wapagolo. Anayamba ali kamtsikana, aphunzitsi atawatengera ku Streatham kukatsetsereka tsiku limodzi lokha, iye n'kubwerako atakakamira ngati nkhupakupa. Amene ankamuperekeza zaka zonsezo anali mayi ake, Esinala, amene anali namwino. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu ndiwo ankatisunga m'nyumba muja. Tinagawana choncho: iye kumasewera, ine kuntchito, madzulo nkhani ndizimvera patebulo.

Esinala anatisiya Tadala atangomaliza chaka choyamba ku koleji. Tinakamuika kwawo ku Ntcheu, tinabwerako, mwana anabwerera kusukulu kwake kumpoto, ine ndinatsala ndi wailesi. Kuyambira pamenepo mafoni athu anafupika. Ine ndinkafunsa m'Chichewa ngati wadya, iye ankayankha m'Chingerezi kuti wadya, kenaka tonse zii, mpaka mmodzi anene kuti chabwino. Sitinayambane ayi. Kungoti amene ankatilumikiza panalibe.

Loweruka madzulo Tadala anaimba foni mawu ali pamwamba. Anati timu yawo yafika mu fainolo ya mpikisano wa makoleji a dziko lonse, wa atsikana okhaokha, ndipo asewera mawa lake cha m'ma 5 koloko madzulo. Chinali chaka chake chomaliza ku koleji, masewera ake omaliza. Ndinamufunsa ngati ndibwere. Anati ndisavutike, ndi kutali, komanso ngakhale nditabwera sangandione. M'chisoti cha wapagolo muja munthu saona nkhope za anthu oonerera, amangoona mitundu ya zovala. "Amami sindinkawaona," anatero, "ndinkangowamva."

Ndinadziwa chimene ankanena. Esinala anali ndi nthungululu yoti akaiimba paukwati, a tsidya lina la msewu ankatsegula mawindo. Ndiye mwana akagwira kachimbale kaja pagolo, pakati pa azungu onse oomba m'manja, pankamveka liwu limodzi lokha la ku Ntcheu.  Titatha kuyankhulana ndinaimbira manijala, ndinapempha kusinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Ghana, ndinapeza tikiti ya basi ya mtunda wautali yonyamukira ku Victoria. Tadala sindinamuuze, poopa kulonjeza chinthu chimene mabasi a muno angandilepheretse.

Mantha angawo sanali achabe. Pasiteji ya basi ndinadikira ndekha, mphepo ya kumtsinje ikundilowa m'miyendo ya thalauza, mahatchi amene anthu amamangirira paudzu pakati pa mafulati akundiyang'ana. Basi itabwera inangotifikitsa ku Plumstead, dalaivala n'kunena kuti ulendo wathera pomwepo. Misewu ya ku Woolwich inali itatsekedwa chifukwa linali tsiku la mpikisano waukulu wothamanga umene umachitika chaka ndi chaka m'misewu ya London. Zaka zonse zimene ndakhala ku London tsiku limeneli limandipeza ndili mkati ndikudyetsa nkhalamba phala, ndiye sindinaliganizeko n'komwe.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Woolwich, nsapato za ukwati zikundiluma zidendene. Kumeneko ndinapeza zitsulo zotchingira msewu ndi anthu ali piringupiringu mbali zonse ziwiri. Siteshoni ya sitima inali tsidya linalo, ndikuiona ndi maso, koma wolondera wovala chikasu anati tidikire mpaka othamanga achepe. Sanachepe msanga. Ankangobwera, ena atavala ngati nkhuku, ena ngati mabotolo, ndipo aliyense anali ndi omuitana dzina. Pafupi nane panali bambo wina atanyamula kamwana paphewa ndi chikwangwani cholembedwa dzina la mkazi wake. Mkaziyo atadutsa, wefuwefu, anangomva mawu a mwamuna wake n'kukweza dzanja osacheuka. Ndinamva nsanje, sindibisa.

Atatilola kuoloka ndinakwera sitima yodzaza moti ndinaima ndi mwendo umodzi mpaka ku London Bridge, kenaka ya pansi pa nthaka. Ndinafika ku Victoria thukuta lili kamukamu, n'kupeza chitseko cha basi yanga chatsekedwa, basiyo ikubwerera chambuyo kutuluka. Ndinagogoda pagalasi. Mtsikana wa matikiti anandiyang'ana mwachifundo chimene chilibe ntchito, n'kundilozera kuofesi. Kumeneko anandiwonjezeretsa mapaundi angapo n'kundipatsa malo mu basi ya masana. Ndinawerengera kuti ikayenda bwino ndikafika masewera asanayambe.

Podikira ndinakhala pabenchi limodzi ndi mayi wina wachizungu, wachikulire ndithu, imvi zili mbuu, atavala juzi yakale yamizeremizere yobooka pachigongono. Nkhunda za m'siteshoni muja zinkayendayenda pamapazi athu. Iye ndiye anayamba kundiyankhula ataona tikiti yanga, n'kundiuza kuti dzina lake ndi Maureen ndipo nayenso akupita ku masewera omwewo. Ndinamufunsa ngati ali ndi mdzukulu mu timu. Anaseka n'kunena kuti alibe aliyense, akungopita kukaona ndi maso ake.

Anandifotokozera kuti iye ankasewera hoke ali mtsikana, nthawi imene akazi sankawawerengera. Bwalo la ayezi ankawapatsa nthawi imene amuna sakulifuna, zovala ankabwereka kwa alongo awo, zazikulu moti ankazimanga ndi tepi. Ku koleji kwake kunalibe timu ya atsikana, ndiye amene ankafunitsitsa ankalowa timu ya anyamata n'kumavalira kuchimbudzi chifukwa chipinda chosinthira chinali chimodzi. Pambuyo pake makoleji ena anayamba kukhala ndi atsikana okwanira timu, koma osewera nawo anali kutali, ndipo chikho cholimbirana panalibe. Zoti atsikana a m'makoleji akhale ndi mpikisano wawowawo wa dziko lonse ndi zadzulodzulo, anatero, ndipo iye ankaganiza kuti afa asanazione. Nditamuuza kuti mwana wanga ndi wapagolo, anandigwira pamkono n'kunena kuti wapagolo ndi munthu wosungulumwa kuposa onse pabwalo paja, anzake amasinthanasinthana kukapuma koma iye amaima yekha mpaka mapeto. Mawu amenewo ndinakwera nawo basi.

Maureen anakhala kutsogolo chifukwa cha mawondo. Ine ndinapeza malo chakumbuyo, pawindo. Kutuluka mu London kunatitengera nthawi yoti kwathu ukanakhala utachoka ku Limbe n'kufika ku Zomba. Tinakwawa kudutsa Marble Arch, tinakaima ku Golders Green kutenga anthu ena, ndipo kumeneko ndi kumene anakwera mayi wina wonenepa bwino, wa zikwama ziwiri, n'kudzakhala pambali panga. Atangokhala anaimba foni, ndipo ndinamva akuuza wina kuti asaiwale kuchotsa nyama mufiriji, m'Chinyanja cha ku Lusaka. Atamaliza ndinawapatsa moni.

"Ah, imwe ndimwe ba ku Malawi?" anatero, akunditembenukira thupi lonse. Anali Mayi Zulu, namwino, ankapita ku Leicester kukagwira ntchito ya sabata imodzi. Tisanafike ku Luton anali atandipatsa kale chikondamoyo cha m'pepala ndi kundifunsa mafunso onse amene munthu wakwathu amafunsa: kwanu n'kuti, munabwera liti, banja lili kuti. Ndinali nditakhala miyezi osayankhula Chichewa ndi munthu wondiyankha m'chinenero chomwecho, kupatula moni wa pakhomo la tchalitchi ku Peckham. Pakamwa panga panangotseguka pokha. Ndinawauza za Esinala, za Tadala, za chisoti, mpaka za nthungululu.

Titadutsa Northampton munayamba kumveka fungo la mphira wopserera. Basi inayamba kunjenjemera, dalaivala anaikokera m'mbali mwa msewu n'kuzimitsa. Anatiuza kuti titsike tonse tikaime kuseri kwa zitsulo, pamtunda wa udzu, ndipo basi ina ikubwera posachedwa. Posachedwa wa dalaivala ndimamudziwa kuyambira kwathu. Tinakhala paudzupo, kumbuyo kwathu kuli munda wa maluwa achikasu, kutsogolo malole akudutsa ndi mphepo yoti ikugwetse. Dzuwa lija linali litabisala, ndipo ndinayamba kukumbuka chijasi changa pamsomali.

Ndinalembera Tadala uthenga pafoni kuti ndili m'njira. Sunayankhidwe. Maureen, amene anali atakhalira chikwama chake, anati ndisadabwe, nthawi ngati imeneyi mafoni onse amakhala atatsekeredwa m'zikwama kuchipinda chosinthira. Ndinamufunsa ngati munthu angafike pafupi ndi golo n'kuitana. Anati pali galasi lalitali kuzungulira bwalo lonse, ndipo anthu amabwera ndi ng'oma ndi malipenga. Nanga likhweru? Anapukusa mutu, akuti likhweru aliyense amaimba, ndipo osewera amangomvera la woimbira masewera.

Apa ndi pamene ndinaganiza zopempha Mayi Zulu kuti apitirire nane mpaka ku Sheffield, ndiwalipirire, akandiimbire nthungululu kamodzi kokha. Ndinayamba mozungulira, koma iwo anandigwira msanga. Anati shifiti yawo ikuyamba madzulo omwewo, ndipo ngakhale akanakhala ndi mpata sakanapita.

"Mwana afuna kumvela atate bake, osati mzimai wamene saziba," anatero. "Manje imwe mulibe lilime?"

Ndinaseka, ndinawauza kuti mwamuna saimba nthungululu. Kwathu ukangoyerekeza, nkhani yake ingakupeze ngakhale pamaliro ako. Amuna timaomba m'manja, timaimba likhweru, tikasangalala kwambiri timavula chipewa. Mayi Zulu anayang'ana uku ndi uku, kumunda wachikasu, kumalole, kwa azungu amene ankadya masangweji awo, n'kundifunsa kuti pa anthu onsewa wa ku Ntcheu ndi uti woti akakanene.

Ananditengera chapatali pang'ono, pafupi ndi mpanda wa munda. Anandionetsa kuti mawu achokere pamwamba, lilime lizimenya msangamsanga, dzanja likhale pakamwa. Anaimba yawo kamodzi lole ikudutsa, yosalala bwino. Nthungululu ndinali ndisanaimvenso chimwalirire Esinala.  Kenaka ndinayesa yanga. Chimene chinatuluka chinali ngati mbuzi yokodwa pachingwe. Mayi Zulu anaseka mpaka kugwira mpanda, n'kunena kuti ndiyesenso ikamadutsa lole ina. Tinakhala choncho, ine ndikudikira malole kuti andibisire manyazi, mpaka kukhosi kunayamba kuwawa. Sindinganene kuti ndinaphunzira.

Basi ina inabwera dzuwa litapendeka. Ku Leicester Mayi Zulu anatsika ndi zikwama zawo, anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikapereke moni kwa mwana. Sitinapatsane manambala, sindikudziwa chifukwa chake. Mpando wawo unatsala wopanda munthu, ndipo kuchokera pamenepo ulendo unatalika. Nottingham, Chesterfield ndi tchalitchi chake cha nsonga yopindika, zonsezo ndinkangoziona ngati zikwangwani. Nthawi ya masewera inakwana tili pamsewu. Ndinkaganiza za mwana wanga ataima yekha pagolo, akumva makolo a anzake akuitana ana awo, iye atavomereza kale mumtima kuti wake palibe.

Ku Sheffield ine ndi Maureen tinakwera takisi imodzi. Titalowa m'nyumba ya masewerayo kuzizira kunandimenya kumaso ngati ndatsegula firiji ya mubutchala. Anthu onse anali m'zijasi ndi zipewa zaubweya, ena atafunda mabulangete, ine ndekha ndili mu suti ya kutchalitchi ndi tayi. Palibe anandiuzapo kuti kuzizira kwa masewerawa kumakhala m'nyumba. Maureen anayang'ana chikwangwani cha zigoli n'kundiuza kuti ndi chigawo chomaliza, nthawi yatsala pang'ono, ndipo timu ya Tadala ikutsalira ndi chigoli chimodzi.

Ndinamufunsa kuti mwana wanga ndi uti. Anandilozera golo la kutsidya. Pamenepo panaima chinthu chachikulu ngati kabati, miyendo yokutidwa ndi mapilo, nkhope ili m'chitsulo. Sindikanamuzindikira. Koma atawerama kudikira, anapendeketsa mutu kumanzere, momwe ankachitira ali mwana akamamvetsera nkhani, ndipo ndinadziwa kuti ndi Tadala.

Tinapeza malo pamwamba, kumapeto kwa benchi. Ndinaitana dzina lake kawiri ndi mphamvu zanga zonse, koma ngakhale mayi amene anali kutsogolo kwanga sanacheuke. Ng'oma zinkalira, malipenga, mapazi akumenya matabwa. Kenaka mtsikana wina wa timu inayo anathawa anzake onse n'kubwera yekha, liwiro la mtondo wadooka, kulunjika pa mwana wanga. Kachimbale sindinakaone n'komwe. Ndinangoona Tadala atagwada, dzanja lili m'mwamba, atakagwira. Anthu anakuwa, woimbira anaimba wezulo, phokoso linakwera kenaka n'kuyamba kutsika pamene osewera ankasonkhana kuti ayambirenso.

Ndinaimirira.  Ndinaika dzanja pakamwa n'kuimba.

Inali yoipa kuposa ya kumunda ija. Inathyoka pakati, inakwera, inatsamwa. Anthu a mabenchi atatu anatembenuka kundiyang'ana, kamwana kena kanabisala m'chijasi cha mayi ake. Koma kutsidya kuja chisoti chinadzuka. Chinatembenukira mbali yathu pang'onopang'ono, chikufunafuna. Ndinaimbanso. Tadala anakweza ndodo yake m'mwamba, anailozetsa kumene kunkachokera mawu, n'kuimenyetsa pa ayezi. Ndinakhala pansi misozi ikutsika, ndipo Maureen anandifunditsa theka la sikafu yake.

Sanapambane. Chigoli chimodzi chija chinakhala chomwecho mpaka belu linalira, a timu inayo anataya ndodo zawo n'kuunjikana pamodzi, chikho chinaperekedwa. Maureen anaomba m'manja ataimirira mpaka mtsikana womaliza atatuluka, kenaka ananditsanzika kuti akagona kwa mnzake wakale. Ine ndinadikira pakhonde pakati pa makolo ena, manja ndili nawo m'khwapa.

Tadala anatuluka tsitsi lili lonyowa, akukoka chikwama chachikulu ngati thumba la chimanga. Anaima patsogolo panga n'kuyang'ana suti, tayi ndi nsapato. Maso ake anali ofiira. Ndinkayembekezera Chingerezi chake cha masiku onse.

"Adadi," anatero m'Chichewa chake chotsimphina, "amami akanakusekani."

Ndinavomera kuti akanandiseka mpaka chaka chamawa.

"Koma ndinakumvani."

Nthawi inali yochepa chifukwa basi yomaliza ya ku London inali pafupi kunyamuka, ndipo m'mawa mwake ndinali ndi shifiti ya mnzanga wa ku Ghana uja. Anauza anzake kuti awapeza, anasiya chikwama kwa mmodzi wa iwo, n'kukwera nane takisi mpaka kudepoti. M'njira anandivula tayi n'kundiveka juzi yake ya timu pamwamba pa suti, yonunkha thukuta. Anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti, ndipo nkhani ya Mayi Zulu ndi malole inamuseketsa mpaka dalaivala wa takisi anatiyang'ana pagalasi. Sitinakambe za mayi ake kupitirira apo, komabe sitinakhale chete.

Nditakwera basi ndinakhala pawindo. Iye anaima pansi, manja m'matumba, anthu akumudutsa. Injini italira anayang'ana uku ndi uku, anatulutsa dzanja limodzi n'kuliika pakamwa. Kudzera pagalasi ndinamva kamawu kothyokathyoka, koipa ngati kanga komwe. Mwana wobadwira ku Woolwich, mayi ake anapita asanamuphunzitse. Ndinamenya pagalasi ndi chikhatho kuti adziwe kuti ndamva.

Mpando wa pambali panga unali wopanda munthu mpaka ku Victoria. Kukhosi kunandiwawa sabata yonse, ndipo nkhalamba za kuntchito zinkandifunsa ngati ndadwala chimfine.